Ndinapita ndi Tadala Kwathu

Ine ndine wamanyazi chibadwire. Sukulu ndinalekezera sitandade 5, ndipo zaka zonsezo sindinakwezepo mkono m'kalasi ngakhale yankho ndikulidziwa. Ondidziwa akamva kuti ndinaima pamsewu wa ku Ntchisi n'kufuula dzina la mwana wanga anthu akudutsa, amati ndi bodza. Ndalemba ulendowu m'mene unayendera kuti Mphatso akadzakula adzadziwe m'mene mkulu wake anafikira kwa agogo ake.

Kwathu ndi ku mapiri a Ntchisi, kuseri kwa boma. Bambo anga ndi telala. Chaka chonse amatola tizidutswa ta nsalu zakuda, zofiira ndi zobiriwira n'kumasunga m'jumbo. Amati tsiku limene dziko lathu linalandira ufulu, iwo anali kamwana kongoyamba sukulu. Anawapatsa kambendera ka pepala, koma mvula yowaza inakanyowetsa asanafike nako kunyumba, ndipo analira mpaka madzulo. N'chifukwa chake chidzukulu chilichonse chikakula pang'ono amachisokera mbendera yake ya nsalu, dzina n'kulisokerera m'mphepete ndi ulusi woyera. Pa 6 Julaye tonse timasonkhana. M'mawa amakweza mbendera yaikulu pa nsungwi. Masana amaitana ana mayina ngati aphunzitsi, aliyense n'kulandira yake, kenako amaguba kuzungulira nyumba mmodzi akuimba chigubu. Akatha kuguba m'pamene timadya mpunga ndi nkhuku, amuna n'kukamvera mpira pa wailesi. Dzuwa likamalowa mbendera imatsitsidwa, zatha mpaka chaka chamawa.

Ine ndi amuna anga ndife matenanti pa esiteti ina ya fodya kumunsi kwa Mvera. Mwana wathu woyamba, Tadala, anaonako mwambowu kamodzi, ali kumbuyo kwanga. Chaka chotsatira bambo anamusokera mbendera, koma fodya anali asanagulitsidwe ndipo sitinapite. Tadala anatenga phesi la chimanga, n'kumangirira pepala la shuga, n'kumaguba yekha kuseri kwa chigafa choyanikamo fodya. Ankati, "Lefu, layi, lefu, layi." Ndinamulonjeza kuti chaka chamawa.

Mu Febuluwale, ali ndi zaka zinayi, anadwala malungo. Tsikulo bambo ake anali atapita kukagula mapaso. Galimoto ya pa esiteti inali chiimire pa ofesi kuyambira m'mawa, akapitawo ali pakhonde ndi alendo, akumwa tiyi, akuseka. Ndinafika pampanda kawiri, mwana akutentha kumsana kwanga ngati mbaula, ndipo kawiri konse ndinabwerera chifukwa sindinadziwe poyambira kulankhula pamaso pa amuna aja. Ndinadikira bambo ake. Atafika masana anangonena mawu awiri, akapitawo n'kupereka galimoto nthawi yomweyo, popanda vuto lililonse. Tadala anamwalirira panjira. Misewu ya kumapiri inali itaonongeka ndi mvula, ndiye tinamuika kumanda a matenanti, pakati pa anthu a maboma ena. Palibe anandidzudzulapo, chifukwa palibe ankadziwa kuti ndinafika pampanda paja.

Kuyambira pamenepo, ndikamasankha fodya masana, ndinkamva kuseri kwa chigafa: lefu, layi, lefu, layi. Ndikazungulira ndinkapeza nkhuku zokha. Julaye woyamba sindinapite kwathu. Mng'ono wanga anandiuza kuti bambo anaitana dzina la Tadala, pabwalo n'kungoti zii, iwo n'kusomeka mbendera ija patsindwi. Chaka chino bambo anandiimbira pa foni ya aneba. Sanatalikitse.

"Esinati, mwana uja waima yekha kumeneko nthawi yaitali. Bwera naye, adzagube ndi anzake."

Amene amatsogolera okumba manda pa esiteti pathu ndi a Likoswe, bambo achikulire a ku Phalombe. Iwowa ndi amene anakapempha chilolezo n'kukatapa dothi pamanda a Tadala m'mamawa wa pa 6 Julaye. Analimanga m'kansalu kamene ndinadula ku diresi lake la buluu. Kamfundo kake kanali kakang'ono, kokwana m'dzanja limodzi. Anandiuza zinthu zitatu. Ndisakaike pansi mpaka nditafika. Ndikamakwera galimoto ina ndizimuuza. Ndipo pa mtsinje uliwonse ndizimutchula dzina n'kumuuza kuti tikuwoloka, apo ayi atsalira kutsidya, chifukwa njira saidziwa.

Ndinafunsa, nditayang'ana pansi, ngati ndingamanene chamumtima.

"Amake Tadala," anatero a Likoswe, "ali moyo, mwanayu ankamva zamumtima mwanu?"

Ndinaika kamfundoko m'bulauzi, pachifuwa. Kanali kozizira ngati mwala wa m'madzi. Mphatso, wa miyezi isanu ndi iwiri, ndinamubereka kumbuyo. Amuna anga sakanatha kusiya mabelo, ndiponso thiransipoti inali ya munthu mmodzi. Anandiperekeza mpaka pogeti, n'kundiuza kuti ndifike mbendera isanatsike.

Poyamba zinali zosavuta. Ndinakwera njinga yamoto mpaka pa Chezi, ndipo pa timitsinje tiwiri ta m'njiramo ndinalankhula momasuka, poti injini inkalira ndipo wakabaza anali atavala chisoti. Ndinati, "Tadala, tikuwoloka. Gwira bwino." Mawu anga omwe anandidabwitsa. Panali patatha chaka ndi miyezi ndisanatchule dzinali mokweza.

Pa Chezi tinaima nthawi yaitali m'chisanu. Tsiku la holide magalimoto amachepa, ndipo amene alipo amakweza mtengo. Ogulitsa mbatata anali atakoleza moto m'mbali mwa msewu, wina atamangirira kambendera pa hendulo ya njinga. Kenako kunabwera kagalimoto ka matola kopita ku Dowa, ka anthu asanu ndi awiri, koma tinalowamo khumi ndi mmodzi. Ine anandipanikiza kumbuyo pakati pa thumba la mtedza ndi mayi ena onenepa, ovala bulauzi yoyera ndi duku loyera la chigwirizano. Nanenso ndine wa mpingo, ndipo ndinkadziwa zimene amayi otere amanena pa nkhani ya dothi la kumanda.

Ndinapeza nzeru. Ndinamasula Mphatso n'kumuika pamiyendo, ndipo chilichonse chouza Tadala ndinkachinena nditaweramira khandalo, ngati ndikulitonthoza. Zinayenda. Koma titawoloka Lingadzi, mayi aja anagwira kaphazi ka mwana n'kufunsa dzina lake. Ndinati Mphatso.

"Nanga Tadala amene mukumutchulayo?"

Ndinati ndi yemweyu, ndi dzina limene anamupatsa agogo ake. Mayiwo anandiyang'ana kanthawi, n'kungoti dzina labwino. Ine ndinatembenukira kuwindo. Ndinali nditamukana mwana wanga ali pachifuwa panga pomwe.

Ku Dowa boma tinafika dzuwa litakwera. Pali njira yachidule yodutsa m'mapiri kupita ku Ntchisi, koma anatiuza kuti tsikulo kulibe galimoto, ndiye tinayenera kuzungulirira ku Mponela. Minibasi tinaipeza ili ndi anthu atatu. Kondakitala, bambo wa ndevu zaimvi, ankalumbira kuti inyamuka pompano, dalaivala n'kumaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso pomwe paja. Tinakhala choncho pafupifupi maola awiri. Ana ankadutsa m'magulu kupita kubwalo la mpira, ena atadzipaka choko kumaso. Kamtsikana kena kanatsalira m'mbuyo kakukoka silipasi yoduka, kausinkhu wa Tadala ndithu, ndipo ndinakatsatira ndi maso mpaka kanakhota.

Mphatso anadziipitsira. Ndinatsika n'kumusintha thewera pa kapinga, nditagwada, dzanja limodzi litagwira pachifuwa kuopa kuti kamfundo kangagwe ndikawerama. Pomuyamwitsa ndinapeza kuti mkaka wa bere linalo wadonthera pa kansalu ka buluu kaja. Dothi linali litafunda, lofewa. Ndinakhala ndikuliyang'ana mpaka kondakitala anandiitana. Pobwerera ndinapeza mayi a chigwirizano aja andisungira malo pambali pawo. Anati nawonso akupita ku Ntchisi, akuchokera kumaliro a mnzawo wa mumpingo, ndipo dzina lawo ndi a Nasoko. Anandigawira chinangwa chophika. Ndinalandira ndi manja awiri.

Ulendo wa ku Mponela unalibe zambiri. Wailesi inali pamwamba, anthu akukangana zoti kodi ufuluwu watipindulira chiyani pomwe feteleza wafika poti n'kugula ndi ng'ombe. Phokosolo linandithandiza, ndipo mitsinje yonse ndinainena. Pa rodibuloko apolisi anatitsitsa kuti aone zikwama. Ndinaopa kuti andifunsa chimene chatukumuka m'bulauzi, koma wapolisi wamkazi anangoseweretsa Mphatso n'kutiuza kuti tikwere.

Pa Mponela tinapeza mzere wa magalimoto pomwetsera mafuta, wautali kufika kumsika. Minibasi za ku Ntchisi zonse zinali pamzerepo. Nthawi inali itapitirira 12 koloko, nthawi imene kwathu ana amakhala atayamba kufola. A Nasoko ndi amene anapeza pikapu ina yakale imene mwini wake anali atagula mafuta a m'zigubu. Anakambirana naye mtengo mpaka anatsitsa, n'kundikoka dzanja. Ndisanakwere ndinanong'oneza Tadala, nkhope nditabisa m'chitenje.

Kumbuyo kwa pikapu kulibe kobisala. Tinakhala anthu khumi ndi angapo moyang'anizana, mawondo akugundana, pakati pali makireti a zakumwa, ziguduli zokulungira fodya ndi mbuzi imodzi yomangidwa miyendo. Mwini mbuziyo anali bambo wina wansangala amene anali atagulitsa fodya wake dzulo lake. Anali atalawako pang'ono, ndipo pachipewa pake anali atasomekapo kambendera. Aliyense anamufunsa kwawo, mfumu yake, ndi chimene akadye lero. Mphatso anali atagona kumbuyo kwanga, ndiye nzeru yanga ija inali itatha.

Titayenda ndithu kuchoka pa Mponela, bambo wachipewa uja anafika pa ine. Anafunsa kwathu, ndinayankha chapansipansi. Anafunsanso, akutchera khutu ndi dzanja, anthu n'kuyamba kuseka.

"Amayi awa mawu anawasiya kunyumba? Lero ndi tsiku la ufulu, mayi, ngakhale mbuzi yangayi ikulankhula. Paja manyazi anapha lambe."

Iye sankadziwa chimene wanena. Maso onse anali pa ine, ndipo nthawi yomweyo ndinaona kutsogolo msewu ukutsetsereka, timizati tiwiri toyera m'mbali, ndi mzere wa bango. Kanali kamtsinje kodutsa pansi pa kalavati. Ndinatsegula pakamwa, koma lilime linali louma. Ndinasuzumira pansi n'kuona mchenga wokhawokha, wopanda ndi dontho lomwe. Ndinadziuza kuti mtsinje wouma si mtsinje. Matayala anagunda kawiri, tinadutsa.

Sindinganene kuti ndinaona kanthu. Koma pachifuwa panga panazizira, ndipo kamfundo kaja kanapepuka ngati muli mankhusu.

Tinakwera chitunda chimodzi, n'kutsika, n'kuyamba china. Pakati pa chitundacho galimoto inatsokomola katatu n'kuzima. Amuna anadumpha kukaika miyala kumatayala. Dalaivala anatsegula kutsogolo, anagogoda apa ndi apo, anayesa kuliza, koma inangolira ngati nkhuku yodwala chitopa. Anaikankha chobwerera m'mbuyo, osatheka. Tonse tinatsika n'kukhala m'mbali mwa msewu, m'mphepo. Mphunzitsi wina amene tinali naye anati ndi mafuta a m'zigubu, amawasakaniza ndi zinthu. Dalaivala anati galimoto yake yamwa mafuta otero chaka chonse osadandaula. Panadutsa lole imodzi yodzaza ndi anyamata a mpira, sinaime.

Kenako bambo wachipewa anati, moseka, galimoto yozima chonchi popanda chifukwa iye anaionapo kamodzi kokha, inali itanyamula maliro amene ankakana kupita. Anafunsa ngati wina wabisa bokosi pansi pa ziguduli. Anthu anaseka. Ine ndinadzuka n'kupita kukaima kuseri kwa mtengo wa msuku.

A Nasoko ananditsatira. Anaima pafupi, akukonza duku lawo. Kenako anati andiona kuyambira pa Chezi: dzanja langa silichoka pachifuwa, milomo yanga imagwedezeka pa mlatho uliwonse, koma pa kalavati paja sinagwedezeke.

"Mwana wanga, Tadala ndi ndani?"

Ndinatulutsa kamfundo kaja n'kuwaonetsa. Ndinawauza zonse za a Likoswe ndi za bambo anga, kupatula za pampanda. Ndinkadikira kuti andiuze kuti ndi zachikunja. Anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana dzuwa, n'kuyang'ana kumene tinachokera.

"Ine zimenezi sindizikhulupirira," anatero. "Mwana wanu ali m'manja mwa Ambuye. Koma sindinaonepo mayi akusiya mwana pamsewu n'kukafika bwino. Tiyeni."

Anapita kwa dalaivala n'kumuuza poyera, anthu onse akumva, kuti mayi uyu wanyamula dothi la mwana wake, ndipo waiwala kumuwolotsa pa kamtsinje kaja. Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Palibe anaseka. Mphunzitsi uja anayamba kunena za mafuta, koma anasiyira panjira. Dalaivala, manja ali bii ndi oilo, anati iye za mizimu sadziwa, koma kutsuka paipi kumutengera ola, ndiye tipite msanga.

Pagalimoto pamaoneka pafupi, koma wapansi unali mtunda. A Nasoko ankapuma movutikira pachitunda, nsapato atazinyamula m'manja. Titafika pa kalavati paja ndinapeza kuti si malo obisika monga ndinkayembekezera. Panali njira ya anthu opita kumpira ku mudzi wapafupi. Ankadutsa panjinga, ena wapansi, ndipo bambo wina anali ataimitsa ngolo yake pomwepo akumanga goli. Tinawolokera kutsidya kumene tinachokera. Ndinaima pafupi ndi kamzati koyera, n'kunena chapansipansi kuti Tadala, tiye.

"Ine ndili pompano koma sindinamve," anatero a Nasoko. "Nanga mwana woti mwina wasochera m'bangomo?"

Ndinayesanso. Mawu anakanirira pakhosi monga anakanirira pampanda paja. Ndinaona khonde lija, makapu a tiyi, galimoto itaima padzuwa, ndipo kutentha kwa Mphatso kumsana kwanga kunali ngati kwa tsiku lija. Ndinatseka maso.

"Tadala!"

Wangolo anatembenuka. Anyamata awiri anatsika panjinga. Mphatso anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Koma pakamwa panali patatseguka, ndipo sindikanathanso kupatseka.

"Tadala, ndine mayi ako. Ndinakusiya pano chifukwa cha manyazi. Ndi tsiku lija lomwe, galimoto inalipo kuyambira m'mawa, ndinafika pampanda kawiri osapempha. Ndinachita manyazi, mwana wanga. Undikhululukire. Tiye kwa agogo, akusungira mbendera yako. Pano ndi pamtsinje, tikuwoloka."

Ndinalira pamsewu pomwepo, kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro. Wangolo anavula chipewa n'kugwira ng'ombe zake kuti tidutse kaye. A Nasoko sanandifunse za pampanda, nthawi imeneyo kapena pambuyo pake. Anangondipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo ngati kamwana, n'kundigwira mkono. Tinawoloka.

Tikukwera chitunda ndinamva kumbuyo kwathu, pa phula, timapazi. Lefu, layi. Sindinacheuke. Sindikudziwa ngati a Nasoko anamva kanthu, ndipo sindinawafunse. Ndinafuna kufulumira poopa kuti galimoto itisiya, koma iwo anandikoka.

"Pang'onopang'ono," anatero. "Ana miyendo yawo ndi yaifupi."

Tinamva injini tisanaione galimoto. Inali italira kalekale. Dalaivala anati anapeza zinyalala m'paipi, anaziyamwa ndi pakamwa n'kulavula, ndipo mphunzitsi anagwedeza mutu kusonyeza kuti paja ananena. Mayi wina anandinong'oneza kuti ena ankafuna kuti azipita, katundu wathu akamusiye pa boma, koma bambo wachipewa anatsitsa mbuzi yake n'kukhala nayo pamsewu kutsogolo kwa matayala, n'kunena kuti amuponde kaye. Nditakwera, bamboyo sanandiyang'ane kumaso. Anasuntha kireti kuti pakhale mpata pambali panga, mpata woti n'kukhalapo mwana, ndipo palibe anakhalapo mpaka ku Ntchisi.

Ndinamuuza Tadala kuti takweranso, mokweza, ndipo sindinafe. Titayandikira mlatho wotsatira, bambo wachipewa anamenya denga la galimoto ndi chikhatho, dalaivala n'kuchepetsa liwiro.

"Mtsinje, mayi."

Onse anakhala chete, ine n'kunena mawu anga. Zinatero pa mtsinje uliwonse. Pena panali kangalande chabe kokumbidwa ndi madzi a mvula, ndipo anthu anayamba kutsutsana ngati kameneko n'kowerengedwa. Mphunzitsi uja ndi amene anadula nkhani. Anati, "Nenani basi, mayi, mafutawa sitikuwakhulupirira." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, misozi isanaume.

Pa Ntchisi boma tinafika dzuwa litapendeka kwambiri. A Nasoko anandipezera wakabaza amene ankamudziwa, n'kumulamula kuti aziima pa mtsinje uliwonse ngakhale wouma, asafunse chifukwa. Anandigwira manja onse awiri n'kupemphera mwachidule, anatchula Mphatso, anatchulanso Tadala. Potsanzikana anati ndikadzakumana ndi abusa awo ndisadzanene kuti ndinawaona pa kalavati, adzakana. Sindinafunse mudzi wawo. Mpaka lero zimandiwawa.

Kumapiri kunali kutayamba chifunga. Tinawoloka timitsinje titatu, ndipo mtima wanga unali pa dzuwa, limene linali litatsala pang'ono kukhudza phiri. Ndinkadziwa kuti ana anaguba kale masana, mpunga unadyedwa, ndipo ndikapeza bambo akupinda mbendera. Ndinayamba kukonza mawu omuuza Tadala kuti chaka chamawa, koma ndinalephera. Mawu amenewo ndinali nditamuuzapo kale.

Titakhota pa mabulugamu a kwathu ndinaona nsungwi, mbendera ili m'mwamba. Pabwalo ana anali atakhala pamzere pansi, atafunda zitenje, milomo itayera ndi njala. Mng'ono wanga anandithamangira n'kundiuza kuti bambo akaniza aliyense kuguba kapena kuvundukula mapoto kuyambira masana. Alamu anga anali atadandaula mpaka kutopa, mpira pa wailesi unatha, koma iwo anangokhala pampando wawo kuyang'ana kunjira.

Bambo sanandifunse chimene ndachedwera. Anayang'ana dzanja langa pachifuwa, anaimirira, n'kutenga kope lawo lakale la mayina a zidzukulu. Anayamba kuitana mayina kuyambira wamkulu. Aliyense ankati ndilipo, n'kulandira mbendera yake. M'manja mwawo munatsala imodzi, yakuda ndi mwaye wa patsindwi. Anakonza magalasi.

"Tadala."

Pabwalo panali anthu ambiri, achibale ndi aneba amene anabwera kudzaonerera. Onse anayang'ana pansi.

"Wafika," ndinatero. Anamva mpaka amene anali kukhitchini.

Bambo anandipatsa mbendera ija. Chigubu chinalira. Ndinaima kumapeto kwa mzere, mayi wamkulu ndi mwana kumbuyo, dzanja lina pachifuwa, lina litakweza kambendera, ndipo tinazungulira nyumba katatu monga mwa nthawi zonse. Titamaliza, bambo anatsitsa mbendera yaikulu dzuwa litangotsala kachidutswa. Tinadya mpunga wozizira, ndipo palibe mwana anadandaula.

M'mawa mwake amuna a pamudzipo anakaika kamfundo kaja kumanda a kwathu, pafupi ndi pamene anagona mayi anga. Mbendera yake bambo anaichapa n'kuisunga pamodzi ndi za anzake. Anati dzina lake silichoka m'kope, ndipo Mphatso akadzayamba kuyenda azidzanyamula ziwiri.

Ndinabwerera ku Mvera patatha masiku atatu. Ulendo wobwerera unali wachangu, galimoto sinafe, ndipo pa milatho ndinkangodzipeza nditatsegula pakamwa popanda womuuza. Nditafika ndinawauza amuna anga za pampanda. Iwo anadzuka n'kupita kukanditungira madzi osamba.

Tsiku lotsatira ndinakhala m'chigafa masana kusankha fodya wotsala. Ndinatchera khutu. Kunali mphepo, nkhuku, ndi wailesi ya aneba kutali. Ndinadikira mpaka mthunzi unafika pa mzati wachitatu, kenako ndinadzuka n'kuzungulira kuseri. Kunalibe kanthu. Ndi zimene ndinapitira ulendo wonsewo, ndikudziwa. Komabe masana aliwonse ndimapezeka nditasiya fodya m'manja, ndikumvetsera.